Galimoto ya turbo imaphedwa ndi mwini wake

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina wa kalasi yomwe inalemba mayeso a MSCE mu 1998 analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza onse popeza ambiri munapempha.)



Pamene mlembi wathu anandiimbira foni kuti chaka chino ndilankhulepo, ndinayesa akufuna ndikambe za ntchito yanga ya m'boma. Iye anaseka nati, "Ayi achimwene, za mafayilo anu tatopa nazo. Mudzatiuze za galimoto yanu ija inafera ku Dedza." Tsono dziwani kuti umakaniko sindinauphunzire. Ndine munthu chabe amene analipira fizi yokwera mtengo pa sukulu ya umbuli. Ndazungulira panja pomwe taimika magalimoto ndipo ndaona kuti ambiri tikuyendetsa a turbo, ena osadziwa n'komwe. Nkhani yanga ndi imodzi yokha: kawirikawiri turbo siifa yokha, imaphedwa ndi mwini wake, ndipo zimene zingaipulumutse n'zotsika mtengo.

Mu 2021 ndinaitanitsa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, monga amachitira magalimoto ambiri. Inali ya injini yaing'ono ya petulo, koma ikati ithamange inkasiya zikuluzikulu m'mbuyo, ndipo mafuta inkamwa pang'ono. Buku lake linali m'Chijapani, choncho ndinaliponya m'kabati kunyumba. Oyilo ndinkagula aliyense amene ndampeza wotchipa, nthawi zina wochita kupungulira m'botolo lopanda dzina. Kusintha oyiloyo ndinkadikira mwezi umene malipiro atsalako, ndipo anzanga a m'boma mukudziwa kuti mwezi wotere umabwera kangati pa chaka.

Mu Disembala 2023 tinkachokera kumaliro ku Monkey Bay, anthu asanu ndi katundu wodzaza kumbuyo. Tinadzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere. Amene munadutsapo mukudziwa kuti kuchokera kunyanja kukafika ku Dedza munthu amakwera mamita oposa 1,000, ndipo mtunda waukulu uli pa mapiri okhotakhota amenewo. Ine ndinaponda moto kuti alamu anga aone chimene ndinagula. Titangofika pamwamba ndinaima kuti tigule kachewere, n'kuzimitsa injini pomwepo monga ndinkachitira masiku onse. Titanyamukanso ndinamva kulira kochokera kuboneti, konga kwa ambulansi imene ili kutali. Tisanafike pa boma la Dedza, kumbuyo utsi wabuluu unali tolotolo, mphamvu zinatheratu, ndipo tinagona m'galimoto mvula ikugwa, kudikira yodzatikoka.

Amakaniko amene anaiona ku Lilongwe, bambo achikulire osachuluka mawu, anachotsa kapayipi kamene kamapititsa oyilo ku turbo n'kukadula pakati ndi sowo. M'kati munali zinthu zakuda zouma gwa ngati makala, ndipo kabowo kotsala sikakanalowa ndi kamtengo ka machesi komwe. Anandifunsa mafunso atatu. "Bwana, oyilo munasintha liti komaliza? Anali wa mtundu wanji? Nanga mukafika pa ulendo mumadikirako musanazimitse?" Ine, ndi digiri yanga yonse, ndinalephera onse atatu.

Mwezi wa Novembala chaka chomwecho kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zipangizo za galimoto, zomwe amaitanitsa ndi ndalama zakunja, zinali zitakwera mtengo. Turbo ina pamodzi ndi ntchito zinadya ndalama zokwana fizi ya matemu awiri ya mwana wanga wamkazi, yemwe anali Fomu 3. Mu Januwale anzake atatsegulira sukulu, iye anakhala pakhomo sabata ziwiri, mayi ake akufunafuna ngongole ku banki m'khonde. Msungichuma wathu akukumbukira kuti chaka chimenecho sindinapereke ndalama ya umembala. Lero wadziwa chifukwa chake.

Kuti timvetse chimene chinachitika, tiyeni tibwerere m'kalasi ya sayansi. Moto suyaka popanda mpweya. Mayi akafuna kuti mbaula ikolere msanga amakupiza ndi chivundikiro, ndipo wosula makasu ali ndi mvukuto wake. Injini nayo ndi mbaula: ikalandira mpweya wambiri imatha kutentha mafuta ambiri, n'kutulutsa mphamvu zambiri. Turbo ndi supercharger zonse ndi mivukuto yokankhira mpweya m'injini. Zimasiyana pa chimene chimazizunguza. Supercharger imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotentha umene ukupita ku ekizozi. Utsiwo umakankha kafani, ndipo kafaniko kamangiriridwa pa kachitsulo kamodzi ndi kafani kena kamene kamakoka mpweya wabwino n'kuupanikizira m'injini.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Abale awiri a ku America, Philander ndi Francis Roots, analembetsa mu 1860 makina opopera mpweya amene mtundu wake ukupezekabe m'ma supercharger ambiri. Injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa turbo mu 1905. Magalimoto oyamba ogulitsidwa kwa anthu wamba ali ndi turbo anatuluka ku America mu 1962, omwe ndi Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Porsche 911 Turbo ndi Saab 99 Turbo zinatchukitsa dzinali. Kale zinali zinthu za anthu a mipikisano ya liwiro. Lero zili pakhomo pathu. Ngati Golf kapena Polo yanu yalembedwa TSI, Hilux yanu yalembedwa D-4D kapena GD-6, kapena muli ndi Subaru WRX, muli ndi turbo. Ngati Mercedes yanu yalembedwa Kompressor, kapena Nissan Note yanu ndi ya DIG-S, muli ndi supercharger. Golf GT ya 1.4 imene inatuluka mu 2005 inali nazo zonse ziwiri, ndipo inkatulutsa mphamvu za akavalo 170 pa kainjini kochepa kotero.

Kwathu kuno turbo ili ndi ubwino weniweni. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini wamba imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti injini wamba kumeneko yataya kale gawo limodzi mwa khumi. Turbo imabweza mphamvu zambiri zotayikazo. Komatu walira mvula walira matope. Injini ya galimoto yaing'ono kawirikawiri sipitirira kuzungulira ka 6,000 kapena 7,000 pa mphindi imodzi, pamene turbo imazungulira koposa ka 100,000, ndipo zing'onozing'ono zimadutsa ka 200,000. Utsi wa petulo umene umaizunguza umatha kutentha madigiri 900. M'ma turbo ambiri kachitsulo ka pakati kaja, kochepa ngati pensulo, sikakhudza chitsulo chinzake, kamayandama pa oyilo wopyapyala kuposa pepala. Oyiloyo ndi yemwe uja wa mu injini. Akada, akachepa, kapena akachedwa kufika kwa masekondi owerengeka, chitsulo chimayamba kudya chinzake.

N'chifukwa chake mfundo yanga yoyamba, amayi ndi abambo, ndi oyilo, ndipo pa oyilo pali zinthu zitatu: mtundu, nthawi ndi mlingo.

Mtundu wake wauneneratu wopanga galimoto m'buku lija ndinaponya m'kabati. Ngati lanu lili m'Chijapani, la Chingerezi limapezeka pa intaneti, ndipo foni yanu yomweyo imamasulira mukaloza pa tsamba. Mupezamo manambala monga 0W-20, 5W-30 kapena 5W-40. Ambiri tinakula tikukhulupirira kuti oyilo wolimba ngati uchi ndiye wamphamvu. Wa SAE 40 anali bwino m'malole akale, koma m'mawa kukuzizira amachedwa kudutsa m'kapayipi kaja pamene turbo yayamba kale kuzungulira. Yang'ananinso zilembo za kumbuyo kwa botolo. Muyezo wa API SN Plus unatuluka mu 2018 ndipo wa API SP mu 2020, ndipo china mwa zifukwa zake chinali vuto la injini zing'onozing'ono za turbo, momwe petulo amaphulika pulagi isanatulutse moto, mpaka kung'amba pisitoni. Volkswagen ili ndi manambala akeake monga 502 00 ndi 504 00. Ya dizilo yokhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, imene amaitcha DPF, imafuna oyilo wa phulusa lochepa monga ACEA C3 kapena JASO DL-1, kutengera ndi zimene buku lanena. Gulani botolo lomata kwa wogulitsa wodziwika, alitsegule inu mukuona, ndipo likatha liboolereni pansi kuti wina asakathiremo oyilo wakale n'kugulitsa mnzanu.

Kunena za nthawi, mabuku ambiri ali ndi ndondomeko ziwiri. Ina ndi ya galimoto yoyenda bwino pa tala, ina ndi ya galimoto yovutika, kutanthauza yoyenda m'fumbi, maulendo aafupiafupi, kuima pa mzere injini ikulira, kunyamula katundu wolemera ndi kukwera mapiri. Kumeneko kwa anzathu amati kuvutika, kwa ife ndi Lolemba wamba. Tsatani ndondomeko yachiwiriyo. Ine tsopano ndimasintha oyilo pamodzi ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Mwezi umenewo ndalama ya oyilo imachoka pa malipiro tsiku loyamba, pamodzi ndi ya lendi.

Mlingo muziyeza Loweruka lililonse m'mawa, galimoto ili pamalo osapendekeka, injini isanalizidwe. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa kachitsulo koyezera. Wochepa ndi woopsa, wosefukira nayenso ndi woopsa. A dizilo ya DPF, mukaona oyilo akukwera yekha osathirako, musayese dalitso. Ameneyo ndi dizilo akutsikira m'sampu chifukwa galimoto ikungoyenda maulendo aafupi, sefa ija osapeza mpata wotentha mwaye wake. Oyilo wotere asinthidwe msanga, ndipo galimotoyo muziyipatsa ulendo wautaliko pa msewu waukulu.

Mfundo yachiwiri ndi kudekha, ndipo iyi ndi yaulere. M'mawa mukaliza injini, dikirani theka la mphindi kuti oyilo afike ponseponse, kenaka nyamukani pang'onopang'ono, osaponda moto kwambiri mpaka injini itatenthera. Kuisiya ikulira pabwalo kwa mphindi makumi awiri n'kungotaya mafuta. Mukamafika pa ulendo wautali kapena mutakwera phiri monga Chiweta, Zomba kapena Khwekhwerere wanga uja, yendani mofatsa makilomita omaliza, ndipo mukaima isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukazimitsa msanga, pampu ya oyilo imaima pamene turbo idakali ng'aning'ani, ndipo oyilo wotsalira m'katimo amapserera monga nsima pansi pa poto. Makala aja amakaniko anandionetsa anapangika motero, pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo. Magalimoto ena atsopano ali ndi kapampu ka magetsi kamene kamayendetsabe madzi injini itazima, koma mphindi imodzi sinasaukitsepo munthu.

Palinso zizolowezi ziwiri zimene tinatengera kwa madalaivala akale. China ndi kuponda moto kuti vuu musanazimitse, ati kudzaza batire. Kumeneko ndi kuithamangitsa turbo kenaka n'kuilanda oyilo idakazungulira. China ndi kuzimitsa injini pa mtsetse pofuna kupulumutsa mafuta. Kupatula kuononga turbo yotentha, mabuleki amalimba ndipo chiwongolero chimalemera. Pamenepo tasiya kukamba za ndalama, tikukamba za miyoyo.

Mfundo yachitatu ndi mpweya. Kafani kozungulira ka 100,000 pa mphindi kakakumana ndi mchenga, mapiko ake amaperesedwa ngati mpeni pa mwala. Chotchinga chokha ndi sefa ya mpweya, yomwe ndi pepala chabe. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muziyiona mwezi ndi mwezi. Kuiuzira ndi mpweya wamphamvu wopopera matayala kumatha kuboola pepalalo timabowo tosaoneka, ndiye ikada ingosinthani. Onaninso mapayipi a labala ochokera ku turbo ngati sanang'ambike kapena kumasuka. Ndipo kumbukirani pampu ya njinga mmene imatenthera mukamapopa: mpweya ukapanikizidwa umatentha. N'chifukwa chake pali intercooler, yooneka ngati rediyeta yaing'ono, kawirikawiri kutsogolo, kapena pamwamba pa injini monga zilili pa Subaru. Ikatsekeka ndi matope, udzu ndi ziwala, injini imapuma mpweya wotentha. Itsukeni ndi madzi osathamanga kwambiri kuti timapiko take tisapindike.

Mfundo yachinayi ndi mafuta ndi mapulagi. Petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ameneyo si mdani wa turbo. Mdani ndi wa m'zigubu. Mafuta atasowa mu 2022 ndi mu 2024, ambiri tinagula m'mbali mwa msewu osadziwa ngati muli palafini kapena madzi. Injini ya turbo imapanikiza kwambiri, ndipo petulo wosakanizidwa amaphulika nthawi isanakwane. Kompyuta ya galimoto imamva kugogodako n'kuchepetsa mphamvu pofuna kuteteza injini, koma ili ndi malire. Tsegulani kachitseko komwetsera mafuta, magalimoto ambiri analembapo nambala ya petulo amene amafuna. Ngati mwakakamizika kuthira wokayikitsa, yendani mofatsa mpaka atatha. Pa mtunda musaikakamize galimoto mu giya yapamwamba, tsitsani giya kuti injini ipume bwino. Mapulagi a injini ya turbo amatha msanga kuposa a injini wamba, ndipo ayenera kukhala a nambala imene buku lanena, osati alionse amene alowa pa bowo. A dizilo musaiwale sefa ya mafuta ndi kukhetsa madzi amene imasunga pansi pake.

Mfundo yachisanu ndi madzi a mu rediyeta. Ma turbo ambiri a petulo amaziziritsidwa ndi madzi omwewo. Madzi a pa mjigo ali ndi mchere umene umamata m'mapayipi monga muja umachitira m'ketulo, ndipo amadyetsa zitsulo dzimbiri. Thirani madzi a mankhwala ogula m'botolo, a mtundu umene buku lanena, ndipo musatsegule chivundikiro injini ili yotentha.

Inu a supercharger musaganize kuti mwapulumuka. Vuto la kupserera kwa oyilo kwa inu ndi lochepa popeza utsi sudutsamo, koma moyo wa makina anu uli pa lamba. Muoneni ngati sanachite ming'alu kapena kusalala, ndipo mukamva kulira kwa tswii poponda moto, pitani akaone lambayo ndi kagudumu komukokera. Ma supercharger ambiri ali ndi oyilo wawowawo wochepa m'kabokosi ka magiya ake, wosiyana ndi wa injini. Funsani amakaniko anu ngati anayamba amuonapo. Za sefa ya mpweya, petulo wabwino ndi mapulagi, lamulo ndi lomwe lija.

Galimoto imachenjeza isanafe. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Wakuda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, mwina payipi yang'ambika. Woyera wosaleka injini itatenthera kale nthawi zambiri ndi madzi akulowa pomwe sayenera. Kulira kwa ambulansi kuja, kutha mphamvu pa mtunda, ndi oyilo wochepa msanga, zonsezi n'zizindikiro. Kagetsi ka chithunzi cha injini kakayaka, pitani akaike pa kompyuta. Ndikudziwa kuti alipo ena pano amene anakamata ndi tepi. Kagetsi kofiira ka oyilo kakayaka, imani pomwepo n'kuzimitsa. Apa pokha musadikire mphindi ziwiri zija.

Tsoka likagwa ndithu, musangogula turbo ina n'kumangapo. Funsani chimene chapha yoyambayo, apo ayi chidzaphanso yachiwiri. Kapayipi ka oyilo kasinthidwe, oyilo ndi masefa zikhale zatsopano, intercooler itsukidwe m'kati, ndipo turbo yatsopanoyo aithire oyilo asanalize injini. Kwa inu amene mwangolandira galimoto kuchokera ku doko, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Simukudziwa mmene mwini wake woyamba ankaisamalira. Sabata yoyamba sinthani oyilo, masefa onse ndi madzi, ndipo mufunse ngati injini yanu ili ndi lamba kapena tcheni cha taimingi, pakuti lamba ali ndi nthawi yake yosinthira. Anyamata amene amati akusinthireni kompyuta kuti galimoto izithamanga kwambiri, auzeni kuti mwamva, mukaganize kaye. Mphamvu yoonjezerayo imatuluka mu kutentha koonjezera, ndipo wolipira ndi inu.

Pomaliza, Bambo Wapampando, galimoto ya boma imayenda ndi buku lolembamo maulendo ndi mafuta, ndipo ine ndakhala ndikusayinira mabuku otere kwa zaka zambiri osaganiza zogulira galimoto yanga kope la masamba 40. Lero ndili nalo, ndi ili. Muli tsiku, makilomita, dzina la oyilo, ndi chimene chasinthidwa. Amakaniko aja akadzandifunsanso mafunso atatu, ndidzakhoza onse. Amene amalemba m'kopemu ndi mwana wanga uja anakhala pakhomo sabata ziwiri. Analemba MSCE mu 2025, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndiye amatsegula boneti, monga muja a boarding master ankayendera mahostelo athu, ndipo sanyengerera.

Amene akufuna kuona kumene kuli turbo pa galimoto yake, tikumane panja tikatha kudya, ndimuonetsa. Msungichuma, ngongole yanga ya 2024 ndabwera nayo, mundilembere lisiti.